Python ikalephera kupeza module yanu

Mukaona ModuleNotFoundError, uthenga wonena kuti Python sinapeze module (failo ya code imene pulogalamu yanu ikufuna kugwiritsa ntchito), musathamangire kuikanso Python. Yambani mwaona sys.path, mndandanda wa mafoda amene Python imafufuzamo, chifukwa kawirikawiri failo imakhala ilipo ndithu, kungoti ili kwina. Onaninso zilembo za dzina: pa Linux, Malonda.py ndi malonda.py ndi mafailo awiri osiyana.

Chozunguza mutu kwambiri ndi failo yopangidwa pulogalamu ikuyenda kale. Python imakumbukira zimene inapeza m'fodamo poyamba, ndiye yatsopanoyo ikhoza kuiphonya. Itanani importlib.invalidate_caches() musanachite import (lamulo lolowetsera module mu pulogalamu).

Chonde, pogwira zolakwika mu pulogalamu, musalembe except yosatchula dzina la cholakwikacho, imabisa zambiri. Gwirani ModuleNotFoundError yeniyeniyo, imene inabwera ndi Python 3.6, polemba except ModuleNotFoundError as e, kenako onani e.name kuti mudziwe ngati yasowayo ndi module yanu kapena ina imene iyoyo imadalira.