Momwe Mungayendetsere Cursor Mwachangu mu ISPF Editor

Munthu amene wangoyamba kumene ntchito pa mainframe (kompyuta yaikulu) ya IBM, mu ISPF Editor yolemberamo mapulogalamu, amadziwika ndi chala chake: chimangokhala pa batani la muvi, kudina mosalekeza. Pulogalamu ya COBOL ikakhala ya mizere 4000, kumeneko ndi kudzitopetsa pachabe. Sikirini ya mainframe, yotchedwa 3270, nthawi zambiri imakhala ya mizere 24, mzere uliwonse zilembo 80, ndipo mivi imangoyendetsa cursor (kachizindikiro kosonyeza pamene mukulemba) pa zimene zikuonekazo. Kuti fayilo isunthe, mainframe iyenera kuuzidwa ndi Enter kapena batani la PF (mabatani a F1, F2 ndi anzake pa kiyibodi).

Yambani ndi malo olembedwa SCROLL, kumanja kwa mzere wa Command. Mukapezapo PAGE, lembanipo CSR (chidule cha cursor). Ine ndimaona kuti palibe kusintha kopindulitsa kuposa kumeneku. Ikani cursor pamzere womwe mukufuna, dinani PF8, mzerewo ukwera pamwamba penipeni pa sikirini. Mukadina PF7 utsikira pansi. Ndime yonse imaoneka bwinobwino, osadukiza pakati monga imachitira PAGE. PF10 ndi PF11 zimachita chimodzimodzi kumanzere ndi kumanja.

Kenako zolowerani kudumpha. Pa Command lembani M (chidule cha MAX) n'kudina PF8, mwafika kumapeto. M ndi PF7 zikubwezani koyambirira. Lembani 50 n'kudina PF8, mwatsika mizere 50. Ngati mukudziwa nambala ya mzere, L 1200 (L ndi chidule cha LOCATE) akufikitsani pomwepo.

Koma chida chenicheni ndi FIND, chifukwa chimaika cursor pa liwu lenilenilo, osati pamzere pokha. Mwachitsanzo, kuti mupeze liwu loti WS-TOTAL, lembani F WS-TOTAL (F ndi chidule cha FIND), dinani Enter, ndipo PF5 izikupititsani pamene liwulo likupezekanso. Onjezani PREV kuti mufufuze chobwerera m'mbuyo, LAST kuti muyambire kumapeto, kapena ALL kuti akuuzeni kuti lilipo kangati. F PERFORM 12 72 amangoyang'ana kuyambira column 12 mpaka 72, komwe kumakhala malamulo a COBOL. Macolumn akakusokonezani, lembani COLS pa manambala a kumanzere, patuluka mzere woyezera.

Pali chinanso chimene ambiri amachedwa kuchidziwa, ndipo zimandimvetsa chisoni ndikaona munthu akuyenda uku ndi uku pakati pa WORKING-STORAGE ndi PROCEDURE DIVISION, zigawo za pulogalamu ya COBOL, tsiku lonse. Ikani chizindikiro. Pa manambala a kumanzere a mzere wofunikawo lembani .A n'kudina Enter, pena .B. Tsopano L .A akubwezani pamenepo ngakhale mutaonjezera mizere pamwamba pake, chifukwa chizindikiro chimamatirira pamzere, osati pa nambala. Dzina lisayambe ndi Z, popeza mayina ngati .ZFIRST ndi .ZLAST ndi a editor yomwe. Mukatuluka ndi PF3 zizindikirozo zimafufutika.

Pa sikirini pomwepo, Tab imalumphira malo otsatira olembapo, ndipo Home imapita pamalo oyamba. Ngati Home sikukufikitsani pa Command, lowani Option 0 (Settings) pa menyu yaikulu ya ISPF, chotsani kamzere ka / pa "Command line at bottom" ndi pa "Tab to action bar choices". Mukalemba pamalo oletsedwa kiyibodi n'kukana, musade nkhawa: dinani Reset, kenako Tab, mupitirize ntchito.