Njala ya 10 koloko ili ndi gwero lake

Abale anga a kuno ku Mzuzu, kukazizira timathamangira tiyi wa shuga wambiri ndi mandasi, koma pofika 10 koloko m'mimba mwayamba kale kulira. Chimaitana njala ndi homoni (mankhwala onyamula uthenga omwe thupi limapanga lokha) yotchedwa ghrelin, yochokera m'mimbamo, ndipo imatsika bwino mukadya zomanga thupi. M'mawa wiritsani dzira, kapena thirani nsinjiro m'phala la mgaiwa. Masana chotsani mtanda umodzi wa nsima, m'malo mwake muonjezere nyemba, usipa ndi mpiru wambiri.

Chonde musamadye mothamanga. Uthenga woti mwakhuta umatenga pafupifupi mphindi 20 kuti ufike ku ubongo, ndiye ine ndimayamba ndamwa madzi ndisanatengenso mtanda wina. Kugona maola ochepa nakonso kumakweza ghrelin. Odwala shuga, yambani mwafunsa adokotala musanasinthe kadyedwe.