Momwe mungatumizire pepala la kafukufuku ku msonkhano wa ICLR

Pa maphunziro a makompyuta, kafukufuku watsopano nthawi zambiri amayamba kuonekera m'misonkhano ya akatswiri osati m'magazini, choncho pepala limene lalandiridwa ku msonkhano wodziwika limalemekezedwa mofanana ndi limene latuluka m'magazini yotchuka. Pano ndifotokoza za ICLR, msonkhano wa kafukufuku wa momwe makompyuta amaphunzirira kuchokera ku deta, umene Yoshua Bengio ndi Yann LeCun anauyambitsa mu 2013 ndipo mu Meyi 2023 unachitikira ku Kigali m'dziko la Rwanda. Ndausankha chifukwa kauniwuni wa mapepala ake amachitikira poyera pa OpenReview, tsamba la pa intaneti limene mapepala amatumizidwapo ndi kuunikidwa, kotero munthu amene akuyamba kumene akhoza kuwerenga ndemanga zimene mapepala a zaka zapitazo analandira, n'kuphunzirapo asanatumize lake.

Choyamba n'kuwerenga chilengezo choitana mapepala cha chaka chimenecho, mawu ndi mawu, chifukwa malamulo amasintha chaka ndi chaka ndipo zimene mnzanu anatsata chaka chatha zikhoza kukugwetsani chaka chino. Masiku omaliza amakhala awiri. Loyamba, limene kawirikawiri limagwa mu Seputembala, ndi lolembetsa mutu wa pepala, chidule chake ndi mayina a alembi onse, ndipo lachiwiri limabwera patapita masiku ochepa, lotumizira pepala lathunthu. Tsiku loyambalo musalipeputse, pakuti likadutsa simuloledwa kuwonjezera dzina la mlembi wina, ngakhale atakhala mphunzitsi amene anakutsogolerani pa kafukufuku yense. Mlembi aliyense ayeneranso kukhala ndi akaunti yake pa OpenReview, ndipo amene akulembetsa ndi imelo yosakhala ya sukulu kapena bungwe, monga ya Gmail, akhoza kudikira mpaka masabata 2 kuti akauntiyo ivomerezedwe. Uzani anzanu onse atsegule akaunti mwezi wathunthu tsikulo lisanafike.

Nthawi yotsekera imalembedwa kawirikawiri kuti 23:59 AoE, kutanthauza nthawi ya dera limene tsiku limathera komaliza pa dziko lonse, ndipo nthawi imeneyi ili kumbuyo kwa ya Malawi, Zambia ndi Mozambique ndi maola 14. Choncho khomo limatsekedwa 13:59 masana a tsiku lotsatira kwa munthu amene ali ku Zomba kapena ku Lusaka. Maola owonjezerawa ndimalangiza kuti muziwasunga ngati chothawirapo magetsi akazima kapena intaneti ikavuta, osati ngati nthawi yolembera, chifukwa OpenReview imalola kusintha PDF kangapo nthawi isanathe. Tumizani pepala loti likhoza kuwerengeka kutatsala tsiku limodzi, kenako muzilikonza mtima uli m'malo.

Pepalalo lilembedwe ndi pulogalamu yolembera ya LaTeX, pa template (fayilo ya chitsanzo cha kalembedwe) imene okonza msonkhano amapereka, ndipo ambiri amagwiritsa ntchito Overleaf, tsamba la pa intaneti lolembera LaTeX, kuti alembi onse azilembera pamodzi. Masamba a nkhani yeniyeni amakhala ndi malire, amene m'zaka zaposachedwa akhala 9 kapena 10, pomwe mndandanda wa zolemba zimene mwatchula ndi zowonjezera za kumapeto siziwerengedwa. Musachepetse zilembo kapena kufinya mizere kuti zonse zikwane, chifukwa pepala lophwanya malamulo a kalembedwe likhoza kukanidwa lisanafike n'komwe kwa ounika. Dziwaninso kuti ounika sakakamizidwa kuwerenga zowonjezera, motero umboni umene mukudalira kwambiri ukhale m'masamba oyambawo.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa kubisa mayina. Ku ICLR ounika sadziwa alembi ndipo alembi sadziwa ounika, cholinga chake n'chakuti pepala lochokera ku yunivesite yosadziwika liyesedwe ndi muyeso womwewo umene liyesedwera lochokera ku yunivesite yotchuka ngati Stanford. Kuchotsa mayina pa tsamba loyamba n'kosavuta, koma dzina limabisala m'malo ena. Ndinaonapo pepala la wophunzira wina limene pamwamba panalibe dzina lililonse, koma pa tsamba lachinayi panali ulalo wa GitHub, tsamba losungirapo mapulogalamu, wokhala ndi dzina lake lonse, ndipo m'munsi mwa chithunzi china munalembedwa dzina la labotale imene anajambuliramo mawu. Chotsani gawo lothokoza amene anakupatsani ndalama, ikani mapulogalamu anu pa ulalo wosaonetsa mwini, ndipo tsegulani zambiri za fayilo ya PDF kuti muone ngati kompyuta sinalembemo dzina lanu. Potchula kafukufuku wanu wakale, mutchuleni monga mmene mungatchulire wa munthu wina, osalemba kuti "monga tinaonetsera kale". Kuika pepalalo pa arXiv, tsamba limene ofufuza amaikapo mapepala awo asanaunikidwe, n'kololedwa, koma kulitumiza nthawi imodzi ku msonkhano wina umene umasindikiza mapepala n'koletsedwa.

Musanadine batani lomaliza, dzifunseni ngati ntchitoyo yapsa ndithu. Nthawi yotumizira ikatha, pepala limakhalabe poyera pa OpenReview ngakhale mutalichotsa pa mpikisano, ndipo likachotsedwa motero mayina anu amaonekera. Ili si lamulo loti likuopsezeni, koma likutanthauza kuti kutumiza ntchito yosatha pongofuna kuyesa mwayi kuli ndi mtengo wake.

Ndemanga za ounika, amene amakhala atatu kapena kuposerapo, zimatuluka cha mu Novembala, ndipo apa m'pamene ndimaona kuti pali ntchito yaikulu koposa. Kuziwerenga koyamba kumawawa, makamaka mukapeza kuti wina sanamvetse chinthu chimene munachivutikira miyezi yambiri, choncho musayankhe tsiku lomwelo. Mawa lake lembani mfundo iliyonse payokha, musiyanitse pamene wounika wapeza cholakwika chenicheni, pamene sanamve chifukwa simunafotokoze bwino, ndi pamene wapempha kuyesa kwina. Cholakwika chivomerezeni mosazungulira ndipo munene momwe mwachikonzera. Ngati wounika wanena kuti simunayerekeze njira yanu ndi ina yodziwika, chitani kuyerekezako ngati nthawi ilipo, muike zotsatira m'pepala lokonzedwanso, n'kumuuza tebulo ndi tsamba pamene angazipeze. Ngati simukugwirizana naye, mutsutseni ndi manambala ndi umboni, mwaulemu, osamuuza kuti sanawerenge. Kumbukirani kuti yankho lanu liwerengedwanso ndi mkulu woyang'anira ounikawo, wotchedwa area chair, amene amasonkhanitsa maganizo onse n'kupereka lingaliro lake pa pepalalo, ndipo iye amaona msanga ngati mwayankha funso kapena mwalizemba. Yambitsani kukambiranaku m'masiku oyambirira kuti wounika apeze mpata wokufunsaninso ndi kusintha mamalikisi ake.

Zotsatira zimalengezedwa mu Januwale, ndipo m'zaka zaposachedwa mapepala olandiridwa akhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Lanu likakanidwa, ndemangazo zikhale poyambira pokonzekera misonkhano ina yofanana nawo, ICML kapena NeurIPS, imene masiku ake omaliza amabwera m'masiku kapena m'miyezi yotsatira, koma musatumizenso pepala lomwelo osakonza zimene anakuuzani, chifukwa akatswiri ounika m'misonkhano imeneyi ambiri ndi omwewo.

Likalandiridwa, bwezeranimo mayina ndi gawo lothokoza, kwaniritsani zonse zimene munalonjeza ounika, ndipo mmodzi mwa alembi alembetse kuti akaonetse ntchitoyo ku msonkhano, umene umachitika mu Epulo kapena Meyi. Nkhani ya viza muiyambe sabata yomweyo. Vuto lopeza viza ndi lodziwika, ndipo ndi limodzi mwa zifukwa zimene okonza anasankhira Addis Ababa kuti ichititse msonkhano wa 2020, ngakhale kuti mliri wa Covid-19 unachititsa kuti uchitikire pa intaneti. Pemphani kalata yokuitanani mukangolembetsa, funsiraninso thandizo la ndalama za ulendo limene msonkhanowu umapereka, ndipo onetsetsani kuti pasipoti yanu sikutha ntchito ulendowo usanachitike.