Momwe mungakonzekerere tsunami ngati mwabwera kudzakhala m'mbali mwa nyanja ku Japan

Chivomerezi timachidziwa, a ku Karonga sanaiwale cha mu Disembala 2009. Koma chizolowezi chathu n'kuthawira panja, kuima pabwalo n'kumafunsana ngati ana onse atuluka. Kuno m'mbali mwa nyanja kuima pabwaloko n'kumene kumapha, chifukwa chivomerezi chimatha kubweretsa tsunami, mafunde aakulu a m'nyanja okwera kumtunda. Pa 11 Malichi 2011 dziko linagwedezeka nthawi ya 2:46 masana, madzi anafika m'magombe a Sanriku, kumpoto chakum'mawa kwa Japan, patangotha mphindi ngati 30, ndipo mwa anthu pafupifupi 16,000 amene mitembo yawo inapezeka, oposa 90 pa 100 alionse anachita kumira.

Yambani ndi mapu. Tsiku limene mukukalembetsa keyala yanu ku ofesi ya boma ya dera lanu, pemphani mapu osonyeza malo amene madzi angafike. Ndi aulere. Pezani nyumba yanu, muone mtundu umene aupaka pamenepo.

Kenaka sankhani kothawira, ndipo apa ndichedwapo chifukwa mpamene zinandisokonekera. Bambo amene anandipezera nyumba analoza sukulu ina yapafupi, nati kukavuta muthawire apo. Ndinakhala miyezi ndili ndi mtima m'malo. Tsiku loyeserera kuthawa anthu a m'dera lathu anaidutsa sukuluyo osaicheukira n'komwe, ulendo kuphiri. Agogo ena a nyumba yoyandikana nane anandikoka dzanja mpaka pa chikwangwani cha pageti. Pansi pa chithunzi chobiriwira cha munthu akuthamanga panali timabokosi ta zithunzi: moto, kusefukira kwa mtsinje, kugumuka kwa nthaka, mafunde. Kalikonse kali ndi chizindikiro chake, kamzere kozungulira kapena X. Pa mafunde panali X. Sukuluyo ili pachidikha, ndi yothawirako mavuto ena, osati madzi a m'nyanja.

Ndiye musangomvera za pakamwa, kawerengeni chikwangwanicho ndi maso anu. Mukapeza malo oyenera, phiri kapena nyumba yosanja ya konkire imene boma linaisankha, yendani wapansi mutagwira wotchi. Mubwerezenso usiku, muone ngati makwerero akunja sawakhoma. Njira yotsata mtsinje isiyeni ngakhale ikhale yachidule, madzi amakwera mumtsinje mofulumira kuposa pamtunda. Sukulu ya pulayimale ya Okawa ku Ishinomaki inali makilomita ngati 4 kuchokera kunyanja, m'mbali mwa mtsinje wa Kitakami, koma mu 2011 inataya ana 74 mwa 108. Anataya nthawi pabwalo akuluakulu akukambirana kopita, phiri lili kuseri kwa sukulu. Pomwe ku Arahama, ku Sendai, anthu 320 anapulumukira padenga la sukulu yosanja.

Chikwama chothawa nacho sichovuta. Za pa intaneti zolongedzeratu zija, zimene ena amatchaja mayeni oposa 10,000, ine sindizikhulupirira: mnzanga anagula china, tochi yake inafa usiku woyamba, ndipo chotchajira foni chinali chopepuka ngati mulibe kanthu. Pitani ku Daiso, sitolo ya zinthu zotchipa, zambiri ndi mayeni 110 chimodzi: tochi, mabatire, wenzulo, magolovesi, chofunda chopyapyala chonyezimira chija. Wailesi yaing'ono yokha gulani yeniyeni m'sitolo ya zamagetsi. Onjezani madzi, mabisiketi, mankhwala anu, fotokope ya pasipoti ndi ya khadi lokhalira m'dziko, komanso ndalama zachitsulo poti magetsi akazima makadi sagwira ntchito. Chikalemera moti simungathamange nacho, chotsanimo zina. Chikhale pakhomo pamodzi ndi nsapato.

Pa foni ikani pulogalamu ya Safety tips, imapereka machenjezo m'Chingerezi. A zanyengo a boma la Japan (JMA) amayesetsa kulengeza pasanathe mphindi ngati 3, ndipo machenjezo alipo atatu: mafunde ofika mita imodzi, ofika mamita 3, ndi oposa pamenepo. Loyambalo musalipeputse, madzi othamanga ofika m'mawondo okha amagwetsa munthu wamkulu.

Tsikulo likafika, bisani mutu pansi pa tebulo mpaka kugwedezeka kuleke. Ngati chinali champhamvu, kapena chofooka koma chotenga nthawi yaitali, nyamukani osadikira sayirini. Galimoto isiyeni, mu 2011 ambiri anafera pamzere wa magalimoto. Musapite kukaona ngati nyanja yaphwa, nthawi zina siiphwa n'komwe. Musabwerere kukatenga munthu kapena laputopu. Gwirizanani ndi a m'banja lanu lero kuti aliyense adzathawa payekha, mukakumana kumtunda.

Mukafika pamwamba khalani pompo. Funde loyamba silikhala lalikulu nthawi zonse, ena amabwera patapita maola. Tsikani pokhapokha alengeze kuti chenjezo lachotsedwa. Mafoni akadzaza, imbani 171, nambala ya mauthenga a nthawi ya ngozi, musiye uthenga, a kumudzi muwalembere pa WhatsApp netiweki ikabwerera.