Kongoletsani kunja, mkati musiyemo mosalala

Kapu yadongo imagwira ntchito ndi malo atatu: mlomo, chogwirira, ndi kunsi komwe imakhalira patebulo. Ine ndimayamba ndakonza malo amenewa, zokongoletsa zimabwera pambuyo.

Mlomo ukhale wopyapyala pang'ono kuposa thupi la kapu, wopendekera kunja, ndipo muusalaze ndi kansalu konyowa dongo likadali lofewa. Mlomo wochindikala umaoneka bwino pashelefu, koma pomwa madzi amayenderera kuchibwano. Thupi lenilenilo mamilimita 5 kapena 6 akwana. Mukapitirira apo, kapu imalemera musanathiremo kanthu n'komwe.

Chogwirira ndiye chimapusitsa ambiri. Dongo limachepa pouma ndi powotcha, nthawi zambiri ndi magawo 10 mpaka 15 pa 100 alionse. Choncho chogwirira cholowa zala zitatu lero, chikatuluka mu uvuni chizilowa ziwiri zokha, zalazo n'kumapsa ndi kapu yotentha. Chiumbeni chokulirapo. Chimateni dongo litalimba koma lisanambuwe: kandani pakapu ndi pachogwirira pomwe zikumanirane, pakani phala ladongo, kanikizani, kenako phimbani ndi pulasitiki kuti ziumire limodzi pang'onopang'ono. Zogwirira zopotanapotana zija ine sindizifuna. Zimasunga litsiro, ndipo zoyamba kuthyoka ndi zomwezo.

Mizere yogoba, madontho ndi zidindo ziikeni kunja, mutasiya mpata wa chala chimodzi kuchokera pamlomo. Kumeneko chitani mmene mtima wanu ukufunira. Mkati ayi. Musiyemo mosalala, pansi pake pobulungira, kuti supuni ndi dzanja la wotsuka zifike paliponse.

Pa utoto wonyezimira uja timautcha glaze m'pamene maso amanamiza kwambiri. Wina amatuluka ndi timing'alu tambirimbiri tokongola zedi, koma timing'aluto timamwa mafuta ndi madzi otsukira. Woteroyo musungireni miphika ya maluwa. Glaze wokhala ndi mtovu asayandikire chodyera chilichonse, chifukwa mtovu ndi poizoni ndipo zinthu zowawasa zimausungunula. Glaze watsopano muyeseni: ikani kachidutswa ka mandimu m'mbale yopakidwa glazeyo usiku wonse. Mtundu ukasintha, mbaleyo si yodyera. Ukapanda kusintha musakhulupirire msanga, onaninso zimene zinasakanizidwa mu glazeyo.

Moto nawonso uli ndi mbali yake. Dongo lowotchedwa pa madigiri pafupifupi 1,000 limakhalabe ndi timabowo, limamwa madzi. Pa mtsuko zimenezi n'zabwino, chifukwa madzi otuluka ngati thukuta akamauma amaziziritsa otsala mkati. Pa kapu n'zoipa. Dongo lopirira moto wa madigiri 1,200 mpaka 1,300 limatsekeka lokha, koma si dongo lililonse lingafike pamenepo osasungunuka.

Kapu ikapsa, idzazeni madzi muikhazike papepala mpaka m'mawa. Pepala likanyowa, ikudontha. Likakhala louma, itembenuzeni mupale kunsi kwake ndi sandipepa kuti isamakande tebulo.