Shadow yanga imangozima ndikaima

Anzanga a njinga zamoto, Honda Shadow 600 yanga imavuta kulira mmawa, ena amati nkuzizira kwa kuno ku Dedza koma ngakhale injini itatentha ukangosiya mafuta iyo zii. Batire inali bhobho, mapulagi onse 4 ndinasintha (eya, silinda iliyonse ili ndi awiri), gap (kampata kothetheka moto kunsonga ya pulagi) 0.9mm, koma ayi ndithu.

Kumeneko vuto linali mu kabuleta. Petulo wa m'zigubu uja wa nthawi ya mizere anasiya zinyalala ndiye pilot jet (kabowo kodutsa petulo injini ikamalira usanaponde mafuta) inatsekeka. Ndinachotsa thanki nkuitsuka, jet ndinaipopera carb cleaner (mankhwala otsukira kabuleta) kenako kupisamo kawaya kofewa kamkuwa, singano musayerekeze imakulitsa bowo. Ndaikanso kafyuluta pa paipi ya petulo. Pano choke (kothandiza kuliza injini yozizira) pang'ono basi yalira, dzulo ndafika pa Lizulu osazima.