Mmene mungayesere zomwe mukuonadi pogwiritsa ntchito pepala ndi cholembera

Mu 1995 katswiri wa filosofi David Chalmers anafunsa funso lomwe likuzunguzabe akatswiri anzake: n'chifukwa chiyani ntchito ya ubongo imabwera ndi kumva kwa mkati, monga mmene kufiira kumaonekera kwa mwini diso? Musanalimbane nalo, yambani mwaphunzira kusiyanitsa zomwe mukuona ndi zomwe mukungoganiza kuti mukuona. Diso lanu lomwe ndi pophunzirira pabwino.

Jambulani kamtanda kumanzere kwa pepala loyera, ndi kadontho kakuda kumanja, motalikirana masentimita 10. Kadonthoko kasapose sentimita imodzi. Tsinzinani diso lakumanzere, lakumanja lipenyetsetse kamtanda. Yambirani patali ngati mkono wotambasula, kenaka sendezani pepalalo kumaso pang'onopang'ono. Likafika masentimita 35 kapena 40, kadontho kaja kazimiririka. Kagwera pamalo pomwe mtsempha wa diso umatulukira kupita ku ubongo, ndipo pamenepo palibe maselo olandira kuwala. Edme Mariotte, wasayansi wa ku France, ndiye anatulukira zimenezi m'zaka za m'ma 1660.

Kakapanda kuzimiririka, nthawi zambiri diso lathawira pa kadontho inu osadziwa. Bwezerani pa kamtanda. Mutu usapendekeke, ndipo diso linalo litsekeke ndithu, chifukwa likangosuzumira limakwaniritsa zomwe linzake likuphonya.

Tsopano gawo lofunika. M'malo mwa kadontho jambulani mzere woimirira, wodukiza pakati ndi mpata wa sentimita imodzi. Mpatawo ukagwera pamalo aja, mzere uoneka wathunthu. Simuona dzenje kapena mdima. Papepala lachikasu, paoneka pachikasu.

Dzifunseni mosamala: kodi mwaona mzere pamenepo, kapena mwangolephera kuona mpata? Ziwirizi n'zosiyana. Katswiri wa filosofi Daniel Dennett mu 1991 ankati ubongo sudzaza kanthu, umangonyalanyaza malo omwe sakutumiza uthenga. Katswiri wa sayansi ya ubongo V. S. Ramachandran amati umadzazadi, ndipo chodzazidwacho chimaoneka. Lembani yankho lanu nthawi yomweyo, m'mizere iwiri: wina woyamba ndi "ndikuona", wina ndi "ndikuganiza kuti". Mukachedwa, mulemba zomwe mukukumbukira kapena zomwe munawerenga, osati zomwe zinaoneka.

Bwerezani kasanu ndi diso lililonse (pa lakumanzere, kamtanda kakhale kumanja), ndipo yerekezani mayankhowo. Pomwe mwalephera kusankha mzere woti mulembemo, zungulizani ndi cholembera, mubwererepo mawa lake musanawerenge zomwe munalemba.